Mmene mungawerengere mawu a Chingerezi olembedwa pa makina otsukira ndi madzi amphamvu

Makina otsukira ndi madzi othamanga mwamphamvu, amene pa katoni pake amalembapo kuti pressure washer kapena high pressure cleaner, afika paliponse masiku ano. Alipo m'malo otsukira magalimoto ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, alipo m'magalaji ndi m'makola a nkhuku, ndipo abale athu ambiri amene ali ku Johannesburg ndi Cape Town amakhala atawagwira m'manja tsiku lonse. Anthu ambiri amaphunzira makinawa poonera anzawo, buku la malangizo n'kulitaya limodzi ndi katoni chifukwa lalembedwa m'Chingerezi chovuta. Kuonera kumaphunzitsa kugwira chida, koma sikuuza munthu chifukwa chimene pampu yapsera, chimene penti ya galimoto ya kasitomala yasupukira, kapena chimene kabala kakang'ono ka pachala kakhalira nkhani ya opaleshoni. Mawu ofunika kuwadziwa si ambiri, ndipo lililonse limakuuzani chochita ndi manja anu. Njira yosavuta yowasungira m'mutu ndi kutsatira madzi enieniwo, kuchokera pamene akulowera m'makina mpaka pamene akutulukira, ndipo ndi mmene tiyendere pano.

Yambani ndi manambala, musanalumikize chilichonse

Funani kachitsulo kapena kapepala komata kamene kamakhala kumbuyo kapena pansi pa makina, kamene m'buku amakatcha rating plate kapena type plate. Zolembedwa pamenepa n'zodalirika kuposa zilembo zikuluzikulu za pa katoni, chifukwa za pa katoni cholinga chake ndi kukopa wogula.

Liwu loyamba ndi pressure, kutanthauza mphamvu imene madzi akukankhidwira nayo. Imayezedwa m'njira zitatu, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwira. Makina a ku Ulaya ndi ku South Africa amalemba bar, a ku America ndi ambiri a ku China amalemba psi, ndipo ena amalemba MPa. Bar imodzi ndi pafupifupi psi 14.5, pamene MPa imodzi ndi bar 10. Choncho makina olembedwa psi 2,000 ali ndi bar pafupifupi 138, ndipo sakuposa kwenikweni makina olembedwa bar 130 kapena MPa 13, ngakhale nambala yawo ikuoneka yaikulu zedi. Kuti muone kukula kwa mphamvuyi, kumbukirani kuti tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kufika pa bar ziwiri ndi pang'ono basi.

Mukatero onani ngati nambalayo yalembedwa kuti max pressure kapena working pressure, imene ena amaitcha rated pressure kapena operating pressure. Max pressure ndi malire amene makina amafika kwa kanthawi kochepa, pamene working pressure ndi mphamvu imene mudzakhala mukutsukira nayo tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zonse imakhala yocheperapo. Poyerekeza makina awiri m'sitolo, yerekezani working pressure ya awa ndi working pressure ya enawo. Wogulitsa akamangotchula max yokha, m'pempheni akuonetseni buku.

Liwu lachiwiri, limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa loyambalo kwa munthu wochita bizinesi, ndi flow rate, kutanthauza kuchuluka kwa madzi amene akutuluka pa nthawi yoikika. Amalemba l/h, malita pa ola, kapena l/min, malita pa mphindi, ndipo makina a ku America amalemba GPM, magaloni pa mphindi, galoni imodzi ili malita pafupifupi 3.8. Pressure imangomasula matope pamene amatirira, koma kuti matopewo achoke n'kutsetsereka pansi pamafunika madzi ochuluka. Makina a mphamvu yaikulu koma otulutsa madzi ochepa amakuchedwetsani potsukuluza, ndipo galimoto imene mnzanu wamaliza kale inu mumakhala mukuizungulirabe. Chitsanzo chodziwika ndi makina a kampani ya Kärcher ya ku Germany, imene Alfred Kärcher anaiyambitsa mu 1935 ndipo inapanga makina oyamba a ku Ulaya otsukira ndi madzi otentha amphamvu mu 1950. Makina awo aang'ono a K2 amafika bar 110 ndi malita 360 pa ola, pamene a K5 amafika bar 145 ndi malita 500 pa ola. Kusiyana kumene mudzakumve m'manja pogwira ntchito kuli kwambiri pa malitawo.

Nambala ya malitayi ikuuzaninso za madzi amene muyenera kusunga. Makina a malita 500 pa ola amamwa malita opitirira pang'ono 8 pa mphindi, choncho dilamu ya malita 200 imatha m'mphindi pafupifupi 24 za kupopera kosalekeza. Kumalo kumene madzi a m'mipopi amasiyasiya, kawerengedwe aka ndi kamene kadzakuuzeni kukula kwa thanki yoti mugule.

Pomaliza pa kachitsulo kaja onani V, Hz ndi W. Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, chimodzimodzi ku Zambia, South Africa ndi Britain, pamene a ku America ndi a mavoti 120 pa 60 Hz. Makina olembedwa 120 V amene wachibale wakutumizirani musawalowetse m'soketi ya kuno, chifukwa mota yake ipsa nthawi yomweyo. W ndi mawati, ndipo pulagi yathu ya mano atatu aphwamphwa, ya fyuzi ya 13 A, imanyamula mawati pafupifupi 3,000. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndipo chofunika ndi kusintha pulagiyo moyenera, waya wa earth n'kumangidwa pamalo pake. Chizolowezi chodula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, kuwatsekera ndi timitengo ta machesi, n'choopsa paliponse, koma pamalo ponyowa pamene munthu waponda m'madzi chimapha.

Pali mawu ena awiri oti muwafune m'buku musanapereke ndalama. Universal motor kapena brush motor ndi mota yopepuka, yaphokoso, ya timakala timene timatha, totchedwa carbon brushes, pamene induction motor ndi yolemera, yofatsa pomveka ndiponso yokhalitsa. Ndipo mukaona mawu akuti domestic use only, dziwani kuti makinawo anapangidwira pakhomo, kutsuka galimoto imodzi kapena ziwiri kumapeto kwa sabata. Mukawaika pa bizinesi ya tsiku lonse sachedwa kufa, ndipo nthawi zambiri warranty, lonjezo la wogulitsa lokonza kapena kusintha katundu, siigwira ntchito pa makina otere akagwiritsidwa ntchito pa malonda. Pa bizinesi funani olembedwa professional kapena commercial.

Kumene madzi amalowera

Chachiwiri ndi kulumikiza madzi. Polowera madzi palembedwa water inlet, ndipo pamenepa pamalowa payipi wamba ya m'dimba, garden hose, imene mabuku ambiri amafuna kuti ikhale ya theka la inchi, mamilimita 13, kapena yokulirapo. Mkati mwa polowerapo muli kasefa kakang'ono, inlet filter, kamene mungakazule ndi pulayazi. Katulutseni, mukatsuke, mukabwezeretse, ndipo musayendetse makina kasefako kasanabwerere, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito madzi a pachitsime, a pa mjigo kapena a mumtsinje. Kamchenga kamene simungakaone m'chidebe kamakwanira kukanda mavavu a pampu.

Yesani ngati mpopi wanu ukukwanitsa kudyetsa makinawo. Tengani chidebe cha malita 20, tsegulani mpopi wonse kudzera m'payipi imene mudzagwiritse ntchito, ndipo muwerenge nthawi. Pa makina a malita 500 pa ola, chidebecho chiyenera kudzaza mphindi ziwiri ndi theka zisanakwane. Chikachedwa kuposa apo ndiye kuti pampu idzakhala ikukoka madzi amene kulibe, ndipo padzachitika chimene buku limachitcha cavitation: timathovu timapangika mkati n'kumaphulika, pampu n'kumalira ngati muli timiyala, ndipo zitsulo ndi mphira za mkatimo zimadyeka. Choipa kuposa apo ndi dry running, kuyendetsa pampu yopanda madzi n'komwe, pakuti madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa.

Ngati mukutunga m'dilamu kapena m'thanki, funani mawu akuti self-priming kapena suction m'buku, amene akusonyeza kuti makinawo amatha kudzikokera okha madzi, ndipo mugule suction hose, payipi yolimba yosafwaphika imene ili ndi sefa ndi non-return valve, vavu yoletsa madzi kubwerera, kumapeto kwake. Ngakhale zili choncho, makina ambiri aang'ono sakoka madzi kuchokera pansi kwambiri, ndiye ndi bwino kuika dilamu pamalo okwera kuti madzi azitsika okha. Onaninso max inlet temperature, imene pa makina ambiri a madzi ozizira ili madigiri 40. Payipi yakuda imene yakhala padzuwa la mu Okutobala imatha kusunga madzi otentha kuposa pamenepo, choncho yambani mwataya madzi oyambawo pansi kufikira atazizira.

Payipi yamphamvu, mfuti ndi ndodo yake

Chachitatu ndi mbali imene madzi amatulukira, yolembedwa outlet kapena high pressure outlet. Apa pamalowa high pressure hose, payipi yolukidwa ndi ulusi kapena waya mkati, imene pathupi pake pamalembedwa mphamvu imene ingapirire. Itambasuleni yonse kuti pasakhale kink, kupindika kothyola payipi, ndipo musalole galimoto kuipondera. Payipi iyi ikaphulika kapena ikatupa penapake, m'malo mwake pamafunika ina. Kuimanga ndi mphira wa chubu, monga timachitira ndi mapayipi a m'dimba, sikungagwire bar 130, ndipo kamtsinje kopyapyala kotuluka pobookapo kamatha kulasa dzanja limene likugwira payipiyo.

Kumapeto kwa payipi kuli trigger gun kapena spray gun, chogwirira chimene ambiri amangochitcha mfuti, chokhala ndi trigger yofinya ndi chala ndiponso safety lock kapena safety catch, kachotsekera koletsa kufinya mwangozi. Kutsogolo kwa mfuti kumalowa ndodo yaitali imene ku Britain ndi ku South Africa amaitcha lance, pamene a ku America amati wand. Ndi chinthu chimodzi, ndipo kudziwa mayina onse awiri kumathandiza pofunafuna pa intaneti. Zolumikizira zilipo za mitundu iwiri. Quick connect kapena quick release ndi zongokankha n'kumva kuti thwa, ndipo mukalumikiza kokani pang'ono kuti mutsimikize kuti zagwira, chifukwa nozzle yosagwira bwino imauluka mukangofinya ndipo imaswa galasi la galimoto. Zina ndi zamazinga, ndipo zofala ndi zolembedwa M22, zimene mkati mwake zilipo za mamilimita 14 ndi za 15, moti zimaoneka zofanana koma mukazisakaniza zimadontha kapena kukana kulowa. Mkati mwa cholumikizira chilichonse muli kamphira kozungulira kotchedwa O-ring. Madzi akamadontha polumikizira, musathamangire kumanga ndi sipanala, yambani mwaona kamphirako.

Kusankha nozzle

Chachinayi, chimene chimasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongoyamba, ndi kusankha nozzle, kamutu ka kumapeto kwa ndodo kamene ena amakatcha spray tip. Pampu imangokankha madzi, koma chimene chimapangitsa kuti madziwo athamange mwaukali ndi kabowo kakang'ono ka m'kamutuka, kotchedwa orifice. Pa makina ambiri a petulo ndi a bizinesi timitu timeneti timakhala ta mitundu isanu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi spray angle yake, kutambasuka kwa madzi poyeza m'madigiri.

Kofiira ndi ka madigiri 0. Madzi amatuluka ngati nsonga imodzi, ndipo amatha kulemba mzere pa simenti, kung'amba thabwa ndi kudula khungu. Pa malo otsukira magalimoto kamutu aka kalibe ntchito, ndipo ndingakulangizeni kuti mukatsekere m'kabati kuti wantchito watsopano asakapeze. Kachikasu ndi ka madigiri 15, koyenera simenti yolimba, ndere zokakamira ndi matope ouma a pa thirakitala kapena lole. Kobiriwira ndi ka madigiri 25, ka ntchito wamba monga kutsuka pabwalo, kunsi kwa galimoto ndi m'mphepete mwa matayala. Koyera ndi ka madigiri 40, ndipo ndi kamene kayenera kuyandikira penti ya galimoto ndi mawindo. Kakuda, ka madigiri 65, kali ndi bowo lalikulu, kamatulutsa madzi ofatsa, ndipo ntchito yake ndi kuthira sopo. Lamulo lake ndi lakuti muyambe ndi kamutu kotambasula kwambiri, muli patali, n'kumayandikira pang'onopang'ono, ndipo musinthire ku kaukali pokhapokha litsiro litakana.

Pa kamutu kalikonse pamadindidwa nambala, mwachitsanzo 25030. Manambala awiri oyamba ndi madigiri, ndipo otsalawo akusonyeza kukula kwa bowo, pamenepa saizi 3.0. Pogula timitu tatsopano tengani ta saizi imene buku lanu latchula, chifukwa bowo laling'ono kwambiri limapanikiza pampu ndi mota, pamene lalikulu kwambiri limagwetsa mphamvu. Bowoli limakulanso lokha m'kupita kwa miyezi chifukwa cha kukhulika ndi madzi, ndipo makina ambiri amene eni ake amaganiza kuti pampu yatha amangofuna kamutu katsopano.

Makina aang'ono a pakhomo nthawi zambiri alibe timitu ta mitundumitundu. Amabwera ndi ndodo yopotokola, adjustable nozzle kapena vario lance, ndi ina yotchedwa turbo nozzle, rotary nozzle kapena dirt blaster. Yachiwiriyi ndi nsonga ya madigiri 0 imene imazungulira mothamanga, ndipo imachita bwino pa simenti ndi miyala, koma isayandikire penti, matayala kapena matabwa. Palinso surface cleaner kapena patio cleaner, chimbale chokhala ndi timitu tozungulira kunsi kwake, chotsukira pansi popanda kusiya mizeremizere.

Kuyatsa

Chachisanu ndi kuyatsa, ndipo dongosolo lake silisintha: madzi ayambe, moto ubwere pambuyo. Tsegulani mpopi wonse, makina asanayake, kenaka finyani mfuti kufikira madzi atayamba kutuluka mosadukiza, opanda kutsokomola. Buku limatcha zimenezi bleed the air kapena purge the system, kutanthauza kutulutsa mpweya. Mukatero ndi pamene mungatembenuze switchi kuchoka pa O kupita pa I. Makina ambiri amagetsi ali ndi auto stop kapena total stop system, choncho mota imaima mukasiya mfuti n'kuyambanso mukafinya. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuti azima, ndipo mwana akafinya mfutiyo madzi atuluka ndi mphamvu yonse.

Ngati soketi ili patali, ndi bwino kutalikitsa payipi ya madzi olowa kusiyana ndi nthambo ya magetsi. Zikavuta, gwiritsani ntchito extension lead ya mawaya okhuthala, a 2.5 mm² ikakhala yaitali kupitirira mamita 10, muitambasule yonse kuti isatenthe, ndipo polumikizira pakhale pouma, osati pansi. Buku lidzatchulanso RCD, chimene ku South Africa amati earth leakage, kachipangizo kodula magetsi msanga akayamba kudutsa m'thupi la munthu kapena m'madzi, ndipo choyenera ndi cha 30 mA. Chilembo cha IPX5 chikungonena kuti makinawo amapirira madzi ofatsa ngati a payipi wamba, osati kuti muziwapopera ndi mfuti kapena kuwasiya pamvula.

Makina a petulo ali ndi mawu awoawo. Yambani mwaona oyilo m'malo awiri, engine oil ndi pump oil, pakuti ndi osiyana ndipo buku limatchula mtundu wa aliyense. Injini zambiri zili ndi low oil shutdown, imene pa injini za Honda imatchedwa Oil Alert, ndipo imakana kulira oyilo akachepa kapena makina akapendekeka. Tsegulani fuel valve, ikani choke pa closed kapena start ngati injini ndi yozizira, ikani engine switch pa on, finyani mfuti kuti mphamvu yotsalira ituluke, kenaka kokani chingwe cha recoil starter. Ikalira bwezerani choke pa open kapena run. Injini ya petulo siima mukasiya mfuti, ndipo apa ndi pamene unloader valve imagwira ntchito: imabweza madzi kuti azingozungulira mkati mwa pampu, chimene amachitcha bypass. Madzi ozungulirawo amatentha msanga, choncho musasiye injini ikulira kupitirira mphindi ziwiri osafinya mfuti. Mukaona pampu ikulavula madzi otentha pansi, imeneyo ndi thermal relief valve ikudziteteza, ndipo ikukuuzani kuti mwaisiya nthawi yaitali. Chizolowezi chomanga chopotokola cha pa unloader mpaka mapeto pofuna kuwonjezera mphamvu chimangofupikitsa moyo wa pampu. Ndipo injini iyi isayendetsedwe m'galaji yotseka kapena m'khola, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umapha.

Sopo ndi katsukidwe

Chachisanu ndi chimodzi ndi sopo, amene m'buku ndi detergent. Amalowa kudzera mu detergent tank kapena kapayipi kowonekera mkati kotchedwa siphon tube kapena suction tube, ndipo amakokedwa pa low pressure pokha, ndiye chifukwa chake sopo satuluka mpaka mutaika kamutu kakuda kapena kupotokolera ndodo kofatsa. Botolo lomangirira ku mfuti limene limatulutsa thovu lambiri ndi foam lance kapena foam cannon. Pa botolo la sopo werengani dilution ratio: 1:10 ikutanthauza muyezo umodzi wa sopo pa miyezo 10 ya madzi. Mawu akuti pH neutral akusonyeza sopo wofatsa pa penti, degreaser ndi wosungunula girizi ndi oyilo, dwell time ndi nthawi yomusiya sopo kuti alowerere, ndipo do not allow to dry ndi chenjezo lakuti asaumire pagalimoto, chinthu chimene chimachitika msanga padzuwa lathu ngati simutsukira pamthunzi. Sopo waufa wochapira zovala amatseka timabowo, Jik amadya mphira ndi zitsulo za mkati, ndipo palafini, thina kapena petulo zikapoperedwa zimasanduka nkhungu imene imayaka ndi kamoto kakang'ono.

Mankhwala a m'munda nawonso asalowe m'makinawa. Sipuleya ya kumsana, knapsack sprayer, imagwira ntchito pa bar zochepa chabe, ndipo ili ndi timitu take: flat fan ya mankhwala opha udzu ndi hollow cone ya mankhwala a tizilombo ndi matenda a mbewu. Makina opopera penti otchedwa airless sprayer ndi nkhani ina, pakuti amafika bar 200 kapena kuposa, ndipo zonse zokhudza kuvulala zimene zili m'munsimu zikuwakhudza kwambiri.

Potsuka galimoto yambani ndi pre-rinse, kugwetsa fumbi ndi matope ndi madzi okha, kenaka thirani thovu kuyambira m'munsi kukwera, ndipo potsukuluza, rinse, yambirani pamwamba kutsika. Kamutu kakhale masentimita osachepera 30 kuchokera pa penti ndi pa matayala, ndipo dzanja lisaime pamalo amodzi. Pamene penti inasupuka kale kapena pamene anamatapo zomata talikirani kwambiri, chifukwa madzi amalowa kunsi n'kufundula. Mu injini pewani alternator, bokosi la mafyuzi ndi polowera mpweya, ndipo pa radiator madzi amphamvu amapinda timapepala take tachitsulo. Pa njinga zamoto za kabaza, zimene zimabwera zambiri nthawi ya dzinja zitadzaza matope, musalozetse madzi pa tcheni ndi pa mabering'i a matayala, pakuti amakankha girizi n'kusiya madzi mkati, ndipo pakapita masabata ochepa mwini wake amamva tayala likulira. Buku likanena kuti test on an inconspicuous area, likukuuzani kuyesa kaye pamalo obisika. Khoma la njerwa zomangidwa ndi dothi limakokoloka, magalasi a sola amawonongeka m'mphepete, ndipo denga la asbestos, limene lidakalipo pa nyumba zakale zambiri ku Zimbabwe ndi South Africa, lisatsukidwe n'komwe ndi makinawa chifukwa timaulusi take tikauma n'kupumidwa timayambitsa matenda oopsa a m'mapapo ndi khansa.

Mawu a chenjezo ali ndi masitepe ake. Danger ndi ngozi imene idzapha kapena kuvulaza kwambiri mukaphwanya lamulolo, warning ndi imene ingathe kutero, caution ndi ya kuvulala kocheperako, ndipo notice kapena attention imakhudza kuwonongeka kwa katundu. PPE ndi zovala zodzitetezera: magalasi a maso, magolovesi ndi nsapato zotseka, osati masilipasi amene timawaona m'malo ambiri otsukira magalimoto. Kickback kapena recoil ndi kukankha kwa mfuti pofinya, ndiye igwireni ndi manja awiri ndipo musaigwiritse ntchito muli pa makwerero. Mawu amene ndikufuna kuti muwasunge kuposa onse ndi injection injury. Madzi a bar 7 zokha amatha kuboola khungu, ndipo makina anu ali ndi zoposa 100. Munthu amene watsuka phazi lake ndi mfuti, kapena wagwira kamutu ndi chala kuti aone ngati katseka, amangoona kabala konga ka singano, mwina kosawawa poyamba, koma madzi, sopo ndi litsiro zimakhala zitalowa patali m'minofu. Pakapita maola chala chimatupa, magazi amasiya kuyenda, ndipo ochedwa ena amadulidwa chala. Musamange kansalu n'kupitiriza ntchito. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, mukawauze madokotala kuti ndi high pressure injection injury, ndipo mutenge botolo la sopo kapena penti imene inali m'makina.

Kuzimitsa ndi kufuna zosinthira

Pomaliza ntchito zimitsani makina, tsekani mpopi, kenaka finyani mfuti mpaka madzi atasiya kutuluka. Uku ndi kumene buku limati release residual pressure kapena depressurise, ndipo musamasule payipi kapena kusintha kamutu musanatero. Ngati munathira sopo, yendetsani madzi oyera kwa mphindi imodzi musanazimitse. Tsekani safety lock, khuthulani madzi otsala m'mapayipi, ndipo sungani makina pamthunzi. Chenjezo la protect from frost likukhudza amene ali ku Britain m'nyengo yozizira ya kumeneko kapena ku Johannesburg m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumene madzi otsalira amatha kuundana usiku n'kung'amba pampu.

Kumapeto kwa buku kuli tsamba la troubleshooting, ndandanda ya mavuto ndi zoyambitsa zake. Pulsing kapena surging, madzi kutuluka modukizadukiza, kawirikawiri amachokera ku mpweya m'payipi, kasefa kotseka kapena kamutu kotsekeka, kamene mumakatsegula ndi kawaya kobwera ndi makina, nozzle cleaning needle, kamutuko mutakachotsa pa ndodo. Mota ikamadziyatsa yokha musanafinye mfuti ndiye kuti penapake pakudontha. Ikamangolira chapansipansi osazungulira, zimitsani msanga, finyani mfuti kuti mphamvu ituluke, ndipo muone ngati magetsi sanachepe kapena nthambo si yopyapyala. Popita kukagula zosinthira, spare parts, jambulani rating plate ndi foni kuti mukhale ndi model number ndi serial number, ndipo mufune exploded view, chithunzi chosonyeza kachipangizo kalikonse ndi part number yake. Mphira za mkati mwa pampu zimagulitsidwa pamodzi monga seal kit, mavavu monga valve kit, ndipo kachipangizo kakale, ngakhale kakhale ka O-ring kong'ambika, kanyamuleni m'thumba kuti wogulitsa akayeze ndi katsopanoko musanalipire.